Maulendo a Khirisimasi ndi Ana Aang'ono: Kupita Nawo ndi Kubwera Nawo

Amayi anzanga a ku Chulu ndi midzi yozungulira, Khirisimasi ya kwathu kuno imagwa pakati pa dzinja. Imatipeza fodya titawokera, tikulimbana ndi udzu m'chimanga, feteleza wachiwiri akufunika, ndalama za ku okushoni ya Chinkhoma zitatha kalekale. Imatipezanso madambo atadzaza, udzudzu utaswana, mango akugwa okha ndipo ntchentche zili ponseponse. Komabe sabata imeneyi ndi imene banja limayenda kwambiri pa chaka chonse: ku Misa ya usiku, kwa agogo, kumsika, kukaona alamu amene abwera kuchokera ku Joni. Pa maulendo onsewa ana aang'ono amapita nawo, wina kumsana, wina pa njinga, wina akukokedwa padzanja.

Phunziro lino likukhudza ana osakwana zaka zisanu pa maulendo amenewa. Ife anamwino ndi azamba timadziwa kuti wodi ya ana imadzaza miyezi ya mvula. Zambiri zimabwera ndi nyengo, koma zina zimayambira pa masiku awiri atatu a chikondwerero pamene maso a akuluakulu ali kwina. Sindikunena kuti musayende. Mwana amene sapita kwa agogo ake, amene saona khola la Yesu m'tchalitchi, wamanidwa kanthu. Chimene ndikupempha n'chakuti ulendo wa mwana uzikonzedwa pasadakhale monga timakonzera mpunga ndi nkhuku.

Tiyambe ndi chothokozera

Pa Misa za nyengo ino timathokoza chifukwa cha mvula, mbewu ndi abale amene tawaonanso. Pali china chimene sitichitchula kawirikawiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Ameneyo ndi pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse. Kafukufuku wa mtundu womwewo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti chiwerengerocho chatsika kufika pa 63. Inu a msinkhu wanga simufunikira manambala. Werengani ana amene amayi anu anabereka ndi amene anakula, kenako muwerenge a mwana wanu wamkazi.

Kusinthaku sikunagwe kumwamba ngati mvula. Kunabwera ndi maneti, ndi Thanzi, ndi mankhwala a malungo a LA amene anayamba kuperekedwa mu 2007, ndi katemera wa chibayo amene anayamba mu 2011 ndi wa kutsegula m'mimba mu 2012, ndi zipatala za m'mudzi za alangizi a zaumoyo. Kunabweranso ndi miyendo ya amayi amene ankayenda mwezi ndi mwezi kupita kusikelo, mwana kumsana, munda utawadikirira.

Mawu akuti Ukaristia tanthauzo lake ndi kuthokoza. Koma zikomo amaonekera pa kasungidwe ka mphatso. Mukampatsa mnzanu chitenje chatsopano, n'kuchipeza mawa lake akupukutira mapoto, zikomo wake uja mumayamba kumukayikira. Ana amoyo amene tili nawo lero ndi mphatso imene agogo athu ankailirira. Zimene zikutsatirazi ndi kasungidwe kake.

Mwana ali ndi yani?

Werengani Luka 2:41-52 pa msonkhano wanu. Unali ulendo wa chikondwerero, anthu ali ambiri, achibale ali gulu. Maria ndi Yosefe anayenda tsiku lathunthu akuganiza kuti mwana ali ndi abale m'gulumo, ndipo anakampeza patapita masiku atatu. Ngati zinachitikira Banja Loyera, ife ndife yani? Ndiponso Yesu anali ndi zaka 12. Wathuyu ali ndi zitatu, ndipo kuseri kwa nyumba ya agogo kuli dzenje loumbira njerwa lodzaza madzi.

Ngozi za ana zimakonda tsiku limene pakhomo pali anthu ambiri, chifukwa aliyense amayesa kuti wina akumuona. Mayi ali kukhitchini akuti ali ndi azakhali, azakhali akuti ali ndi anzake, anzakewo ali kumsewu. Choncho mwana aliyense wosakwana zaka zisanu akhale ndi munthu wamkulu mmodzi womuyang'anira, wotchulidwa dzina, ndipo posinthana muziuzana pakamwa: "Ankolo, ndikupita kumjigo, mwanayu ali ndi inu." Munthu amene wayamba kumwa mowa asawerengedwe. Mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri asawerengedwenso. Angathe kubereka mng'ono wake kumsana, inde, koma iyenso ndi mwana, ndipo ng'oma ikalira kubwalo amutsitsa pansi n'kuthamangira komweko. Chikachitika choipa timamusenzetsa mlandu umene adzakhala nawo moyo wake wonse.

Mukangofika kumene mwapita, musanakhale pamphasa, zungulirani pakhomopo ndi maso a mwana wokwawa. Chitsime cha m'dimba n'chovindikira? Chimbudzi chili ndi chotsekera? Ndowa ndi mabeseni a madzi ali pati? Mwana wamng'ono amamira m'madzi ochepa, ngakhale a m'ndowa, ndipo salira kapena kuphiriphitha monga tiganizira. Amangoti zii.

Wa zaka zitatu kapena zinayi mphunzitseni kutchula dzina lake, dzina la mayi ake ndi mudzi wa kwawo. Ngati mukupita kumsika kapena ku Kasungu boma, lembani nambala ya foni pakapepala, mukaike m'thumba la malaya ake.

Panjira

Kabaza wa njinga yamoto watithandiza, sitingakane. Amayi ambiri afika kuchipatala nthawi yabwino chifukwa cha iye. Koma pa Khirisimasi anyamata amathamangira ndalama, ena atalawako, msewu uli woterera. Banja lonse pa njinga imodzi, khanda kumsana, wa zaka zitatu atamukhazika pa thanki ya mafuta, ndi ulendo wosunga ndalama ya njinga yachiwiri koma woika onse pachiswe. Mayi akagwa chagada, woyamba kugunda pansi ndi mwana wa kumsana uja. Mwana akhale pakati pa inu ndi woyendetsa. Musanakwere, yandikirani woyendetsayo mumve fungo. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Achimwene, chepetsani liwiro, ndanyamula mwana," ndipo akapanda kumva muli ndi ufulu wotsika. Pindani chitenje chisalendewere kuteyala, ndipo potsitsa mwana samalani paipi ya utsi, imawotcha katumba mpaka kusupula khungu.

Njinga yakapalasa nayo ili ndi bala lake limene timalidziwa bwino kuchipatala: chidendene cha mwana wokhala pa kaliyala kulowa m'masipoko. Bala limeneli limaoneka laling'ono tsiku loyamba koma limachedwa kupola chifukwa mnofu umakhala utaphwanyika. Mvekeni nsapato, ndipo mangirirani katoni kapena kathabwa mbali zonse ziwiri za teyala.

Timitsinje tothira mu Dwangwa timadzaza ndi mvula yogwa kumtunda, ngakhale kumene muli kukuwala dzuwa. Madzi akakhala othamanga ndipo afika m'mawondo, musawoloke ndi mwana. Bwererani mukagone kumene mwachokera, nkhuku za kunyumba aziona anansi. Mvula ya mabingu ikakupezani panjira, musabisale pansi pa mtengo woima wokha pamtetete, ndipo chokani m'madzi ndi pachulu. Lowani m'nyumba iliyonse yapafupi. Za mphenzi zotumizidwa ndi anthu tidzakambirana tsiku lina. Lero ndingoti munthu amene waombedwa ndi mphenzi sakhala ndi moto m'thupi, mukhoza kumugwira ndi kuthamanga naye kuchipatala.

Inu a m'malire mwa nkhalango ya Kasungu mukudziwa kuposa ine kuti chichokereni mu Julayi 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera kuno, kuyenda chamadzulo ndi mbandakucha sikulinso monga kale. Tsazikani dzuwa likadalipo. Agogo akati mudye kaye nsima ina, auzeni chifukwa chake, amva.

Usiku wa kwa eni

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene timataya ana ambiri. Kunyumba kwanu mwana amagona m'neti usiku uliwonse. Mukapita kwa agogo, m'nyumba muli alendo khumi, neti ndi imodzi ndipo agona m'menemo ndi alendo olemekezeka ochokera kutauni. Ana ayalidwa pamphasa pabalaza. Mumati ndi usiku umodzi wokha. Koma udzudzu wopatsa malungo umaluma usiku mpaka mbandakucha, ndipo kuluma kamodzi n'kokwanira.

Chimene chimatipusitsa n'chakuti malungo saonekera mawa lake. Tizilombo timayamba takhala m'chiwindi, ndipo kutentha thupi kumabwera patapita sabata kapena kuposerapo, kawirikawiri masiku 10 mpaka 15. Mwana amene analumidwa usiku wa pa 24 Disembala adzatentha thupi cha m'sabata yoyamba kapena yachiwiri ya Januwale. Pofika nthawi imeneyo palibe akukumbukira za mphasa ya kwa agogo. Ena amayamba kufunsa kuti mwanayu anamudyetsa chiyani kumudzi kuja, ndipo chibale chimasokonekera pa nkhani ya udzudzu.

Neti ilowe m'chikwama choyamba, pamodzi ndi chingwe chomangira. Si mwano kwa apongozi kubwera ndi neti yanu. Ngati mukuopa kuti aona ngati mukunyoza nyumba yawo, nenani kuti anamwino anatilamula, mlanduwo ugwere ife. Ndipo ngati muli ndi neti yapadera imene ikadali m'pepala, kapena imene mukutchingira nkhuku ndi mbewu za kudimba, ichapeni mukawasiyire agogo. Imeneyo ndi mphatso yoposa shuga.

Ku Misa ya usiku mvekeni mwana zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo, ndipo akagona mfunditseni chitenje mpaka kumapazi. Ana amene agonekedwa pakhonde la tchalitchi pamene makolo akuyimba m'kati ndiwo chakudya cha udzudzu. Amayi a bungwe mungagwirizane kuti awiri akhale ndi ana ogona pamalo amodzi m'kati mwa tchalitchi, n'kumasinthana.

M'chikwama chomwecho ikani buku la kuchipatala la mwana, mapaketi awiri a Thanzi, kasopo, ndi mankhwala onse amene wina akumwa tsiku ndi tsiku. Ndikunena makamaka ma ARV a mayi ndi mankhwala a khanda lake, komanso a khunyu. Amayi ena amasiya mankhwala kunyumba poopa kuti achibale awaona. Ikani m'kathumba kanu, mwerani kumbali ngati mufuna, koma musadumphe tsiku. Inu ena, mukaona mnzanu akumwa mapiritsi, yang'anani kwina, si nkhani yokafotokoza kuchitsime.

Mphika ndi botolo

Tisaiwale msanga kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 ndipo anafika m'maboma onse a dziko lino, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Matenda otsegula m'mimba amakonda pamene anthu ambiri akudyera pamodzi. Beseni limodzi losambiramo m'manja anthu khumi ndi awiri, ana pomalizira, ndi njira yake. Thirirani madzi ndi kapu, aliyense asambe ndi sopo madzi akugwera pansi. Madzi akumwa ndi osungunulira Sobo akhale a pamjigo, othira WaterGuard kapena klorini, kapena owiritsa. Mpunga wotsala usiku usapatsidwe kwa mwana uli wozizira, utenthetseni mpaka utuluke nthunzi. Mango otola pansi atsukidwe. Mafirizesi ogula kumsika simudziwa madzi ake.

Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi chikondwerero chake ndi bere basi. Azakhali adzafuna kulilawitsa Fanta kapena msuzi wa nkhuku kuti nalonso lidye Khirisimasi. Kanani mwaulemu. Thobwa logona masiku awiri atatu layamba kale kusanduka mowa, ndipo mowa ngakhale wochepa umagwetsa shuga wa m'thupi mwa mwana mpaka kukomoka. Makapu a kachasu ndi masese osiyidwa pansi pa mpando ana amamalizitsa. Bowa amene simukumudziwa bwino asalowe mumphika, ngakhale wina atalumbira.

Tsopano nkhani ya botolo, imene ili yathu ife alimi a fodya. Nyengo ino m'nyumba zambiri muli mankhwala opopera fodya, a udzu, tameki wa makoswe ndi palafini. Ambiri timagawana ndi anansi, ndipo chogawiramo chimakhala botolo la Fanta kapena la Sobo. Chaka chonse mwana saona botolo lotere, ndiye pa Khirisimasi wapatsidwa kamodzi, wamva kutsekemera. Mawa lake akapeza lina kuseri kwa chitseko kapena m'chigafa, atani? Musanalandire alendo, ndiponso mukafika kwa eni, funsani abambo kumene kuli mankhwala, akwezedwe pamwamba kapena atsekeredwe. Mwana akamwa, musamusanzitse, makamaka ngati ndi palafini, chifukwa pobwerera amalowa m'mapapo. Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere. Ngati mankhwala amuthira pathupi, mvuleni zovala, msambitseni ndi sopo, nyamulani botololo ndi kuthamangira kuchipatala. Dovu lambiri, thukuta, kusanza ndi kubanika ndi zizindikiro za mankhwala a m'munda, koma musadikire kuti zioneke.

Mtedza wosasinja, maswiti olimba, mafupa a nkhuku ndi zibaluni zophulika zimatsamwitsa ana osakwana zaka zitatu. Mwana akamatsokomola mwamphamvu msiyeni atsokomole. Akalephera kulira ndi kupuma, ngati ndi khanda ligonekeni chafufumimba pamkono panu mutu uli cham'munsi, limenyeni kasanu pakati pa mapewa ndi chikhatho, kenako litembenuzeni ndi kudinikiza kasanu pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri. Bwerezani mpaka chituluke. Musapise chala kukhosi mwachimbulimbuli, mumangochikankhira m'kati. Izi zimafuna kuona ndi maso, choncho pemphani namwino wa pachipatala chanu adzakuonetseni pa chidole.

Akapsa ndi moto, phala kapena mafuta, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, pitani kuchipatala. Mazira, Colgate, dothi ndi mafuta ophikira zisafike pabala.

Khanda ndi mayi wodwala pakati

Makolo athu anali ndi nzeru poika mayi ndi mwana m'chikuta. Khanda la masabata ochepa lisamayende m'magulu ndi kudutsa m'manja mwa anthu makumi awiri. Aliyense amafuna kulinyamula, n'chikondi, koma wachimfine ndi wachifuwa alionere patali, ndipo wolinyamula asambe m'manja. Mlendo amene wakhala akutsokomola kwa masabata awiri, kaya wachokera ku Joni kaya kuseri kwa phiri, asagone chipinda chimodzi ndi ana, ndipo mulimbikitseni akayezetse makhololo. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, likazizira, likasiya kuyamwa, kapena pamchombo pakafiira ndi kutuluka mafinya, palibe zodikira kuti chikondwerero chithe.

Mayi amene mwezi wake wakwana, Khirisimasi akadyere kuchidikiro. Ndikudziwa kuti n'zowawa kumva kuti kunyumba aphika nkhuku inu muli pakhonde la chipatala. Koma matenda akayamba usiku wa pa 25, mvula ikugwa, a kabaza ataledzera, mtsinje utadzaza, mudzayenda bwanji? Ntchito ya bungwe ndi kumutengera nkhukuyo komweko. Ana akapita nawo kukapereka chakudya kuchidikiro, umenewonso ndi ulendo wa Khirisimasi, ndipo adzaukumbukira.

Zikomo amaphunziridwa poona

Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kuthokoza. Amangolanda n'kuthawa, ndipo si kuipa mtima, ndi msinkhu. Kumumenya pamaso pa alendo chifukwa sananene zikomo kumamuphunzitsa mantha. Iye amatengera zimene akuona. Akaona mayi ake akugwada polandira nkhuku kwa apongozi, akulandira ndi manja awiri, akuomba m'manja, posachedwa mudzamuona akuchita zomwezo ndi chisononkho cha chimanga. Kaya kwanu mumati zikomo, kaya yewo monga anzathu olankhula Chitumbuka amene tili nawo kuno, mwana alimve liwulo likuchokera kwa akuluakulu kupita kwa akuluakulu anzawo: bambo kuthokoza mayi amene waphika, mayi kuthokoza mtsikana amene watunga madzi. Ndipo iye akakupatsani kanthu, ngakhale bango lodyadya, muthokozeni.

Ana athu aphunzira kuti Khirisimasi ndi tsiku lopempha bokosi. Palibe choipa, koma aphunzirenso kunyamula. Popita kwa agogo, wa zaka zinayi anyamule yekha kapaketi ka mchere kapena sopo, apereke ndi manja ake. Pa chopereka cha m'tchalitchi mpatseni kandalama akaponye yekha. Madzulo, musanapemphere, funsani aliyense, kuyambira wamng'ono, chinthu chimodzi chimene akuthokoza chaka chino. Mudzaseka ndi mayankho, wina adzati mbuzi, wina nsapato. Musawakonze. Inu mukafika nthawi yanu tchulani anthu ndi mayina: agogo amene analera ana pamene munali m'chipatala, mlangizi wa zaumoyo amene munamudzutsa usiku, mnansi amene anakubwerekani njinga.

Ndinene za zovala. Disembala ndi mwezi wopanda ndalama kwa mlimi wa fodya, ndipo njala ya Januwale ndi Febuluwale ili pakhomo. Kugulitsa chimanga cha m'nkhokwe kapena thumba la feteleza kuti ana avale zatsopano tsiku limodzi, n'kudzawabweretsa kusikelo mu Febuluwale atatupa mapazi, si chikondwerero. Malaya ochapa bwino akwanira. Mwana wamng'ono sakumbukira mtengo wa diresi, amakumbukira kuti tinapita kwa agogo, tinaona ana a mbuzi, tinayimba. Pa chifukwa chomwecho musamatonze mnzanu amene ana ake abwera ku Misa ndi zovala zakale. M'maesiteti otizungulira muli mabanja ochokera kutali, ambiri kummwera, amene alibe kwa agogo koti apiteko. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphakati uliwonse ungathe kuitana banja limodzi lotere.

Januwale

Ulendo sunathe tsiku limene mwabwera. Kwa masabata awiri otsatira khalani tcheru. Mwana akatentha thupi, apite kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala tsiku lomwelo, asapitirire maola 24, akayezedwe magazi. Panado wa kugolosale amatsitsa kutentha koma sapha tizilombo ta malungo. Akapatsidwa LA amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka atathe, pamodzi ndi chakudya kapena bere, ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Osasungira mng'ono wake mapiritsi otsala.

Akatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndiye kuti mabotolo awiri a theka la lita. Mpatseni pang'onopang'ono akangochita chimbudzi, wosakwana zaka ziwiri mpaka theka la kapu, wamkulupo theka la kapu mpaka kapu yodzaza. Otsala atayeni pakatha maola 24. Pitirizani kuyamwitsa ndi kudyetsa, ndipo katengeni zinki amwe masiku 10 ngakhale kutsegulako kutasiya. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, kapena cha magazi, yendani akumwa Thanzi panjira.

Zizindikiro izi mayi aliyense wa bungwe azidziwe pamtima, chifukwa zikutanthauza kunyamuka nthawi yomweyo, usiku kapena usana: mwana kulephera kumwa kapena kuyamwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kufooka mpaka kuvuta kudzutsa, ndi kupuma mobanika nthiti zikulowa m'kati. Kupuma mofulumira mungathe kuwerenga nokha ndi wotchi ya pafoni mwana ali phee: kokwana 50 pa mphindi imodzi kwa wa miyezi iwiri mpaka chaka, kapena 40 kwa wa chaka mpaka zaka zisanu, n'chizindikiro cha chibayo. Mukasowa wofunsa, Chipatala Cha Pa Foni chimayankha kwaulere, koma foni isalowe m'malo mwa ulendo ngati mwaona chimodzi mwa zizindikirozi.

Kumapeto kwa Januwale kuthyola fodya kumayamba. Ana asalowe m'munda wa fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, ndipo asagonekedwe pa masamba m'chigafa. Chikonga cha m'masamba chimalowa pakhungu n'kuyambitsa chizungulire, mutu ndi kusanza, zimene ambiri amaziyesa malungo.

Pa msonkhano wanu womaliza Khirisimasi isanafike, aliyense abwere ndi mabuku a kuchipatala a ana ndi zidzukulu zimene akusunga. Onetsanani ngati katemera wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 15 analembedwa, pakuti chikuku chimafala msanga pamene ana asonkhana. Lembani mayina a amayi amene mwezi wawo ndi uno kapena wamawa, ndi amene adzawaperekeze. Gwirizanani za njinga imene ingadzutsidwe usiku ndi kumene ndalama ya mafuta idzachokere. Kenako sankhani amayi awiri pa mphakati uliwonse amene, Lamulungu la Epifania likangopita, adzayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pali mwana wotentha thupi.